Nyimbo za Makina Kunsi kwa Phiri

Bambo anga ankati nyimbo zathu zinalibe munthu mkati. Iwo anakulira pa banjo ya chikopa cha mbuzi ndi gitala ya mawaya a mabuleki a njinga. Alan Namoko, mkulu wosaona uja wa ku Thyolo, akayamba pa wailesi ndi Chimvu River Jazz Band yake, bambo ankasiya chilichonse chimene akuchita n'kunena kuti akumva zala zikukanda nsambo, akumvanso mpweya umene woimbayo akukoka asanalowe mzere wotsatira. Koma kaseti ya Splash kapena ya Yvonne Chaka Chaka ikangolira pakhonde, nkhope yawo inkachita tsinya. "Iwe, ng'oma yanji yosatopa? Woomba ng'oma weniweni amatuluka thukuta, amaphonya, n'kubwezera. Apa palibe akuomba, ndi waya yekhayekha."

Pa nkhani ya ng'omayo sankanama. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene ine ndi anzanga tinkathera nsapato m'madisiko a pa Limbuli ndi pa Chitakale, zambiri zimene tinkavina zinkatuluka m'bokosi. M'masitudiyo a ku Johannesburg munali makina oomba ng'oma a Roland ndi makiyibodi onga Yamaha DX7, imene inatuluka mu 1983 n'kudzaza dziko lonse ndi mabelu ake aja olira ngwee ndi besi yodumphadumpha. Munthu mmodzi wodziwa mabatani ankagwira yekha ntchito ya bandi yathunthu: malipenga, ng'oma, magitala, zonse pa zala khumi. Ku Ulaya makina a mtundu womwewo ndiwo ankaimbira Pet Shop Boys ndi Modern Talking, ndipo nawonso ankatipeza mwa apo ndi apo. Koma zathu zenizeni zinali za ku Joni, zimene eni ake ankazitcha bubblegum. Kunali Brenda Fassie ndi Big Dudes, amene "Weekend Special" yawo ya 1983 inkakana kukalamba. Kunali Chicco Twala, Pat Shange, Mercy Pakela, ndi khola lonse la Dan Tshanda, kuyambira Splash, Dalom Kids mpaka Patricia Majalisa. Mayina a makinawo ndinadzawadziwa ndevu zitamera kale. Nthawi imeneyo chilichonse cha mabatani oyera ndi akuda tinkangoti ogani.

Njira imene nyimbozi zinadzera inali yakale, yopondedwa ndi agogo athu. Mulanje ndi boma la anthu ambiri pa malo ochepa. Dothi labwino la m'tsinde mwa phiri linatengedwa ndi tiyi kuyambira m'ma 1890, ndipo mnyamata wopanda munda ankasankha pakati pa dengu la kumsana ndi ulendo wa ku migodi. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu anatseka njirayo. Inadzatsegulidwanso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, Theba m'kamwa mwathu. Obwerako ankatsika basi ya UTM ndi sutikesi yachitsulo, mabulangete, chipewa chopendeketsa, ndi wailesi ya kaseti ya masipika awiri imene ankainyamula paphewa kuti mudzi wonse uone. Pamwamba pa apo, kuyambira 1967 Malawi anali pa ubale wa ukazembe ndi boma latsankho la ku Pretoria pamene maiko ena a mu Africa ankalisala. Katundu wa kumeneko sankavuta kulowa, ndipo Radio RSA inkatilankhula m'Chichewa madzulo aliwonse kwa amene wailesi yake inkakoka patali.

Ndiye mu 1988 Theba inatha, maboma awiriwo atasemphana pa zoyeza magazi a ofuna ntchito kuti aone ngati ali ndi HIV. Apa ndi pamene pagona nkhani ya msinkhu wanga. Ife tinakula tikuwerengera zala kuti zaka zikakwana tidzakwera nafenso, tidzabwera ndi njinga, malata ndi makina osokera a amayi. Zaka zinakwana, njira n'kutsekeka. Joni amene tinamupeza anali wa m'kaseti basi. Magetsi a Hillbrow, masitima a ku Soweto, atsikana a tsitsi lowotcha, zonsezo tinkazimva m'mabelu a ogani aja, tili pakati pa mizere ya tiyi. N'chifukwa chake tinkazikakamira kuposa achimwene athu amene anafikako. Iwo ankadziwa kuti kuseri kwa nyimbozo kuli komponi, pasi, ndi fumbi la pansi pa nthaka limene ena anabwera nalo m'chifuwa. Akationa tikupenga nazo ankangoseka chamumtima.

Ine ndinali kalaliki wa pa sikelo pa esiteti ina ya kufupi ndi malire. Ntchito yanga inali kulemba makilo a masamba amene aliyense wathyola, choncho ndinkadziwa Loweruka lisanafike amene adzavine ndi botolo m'manja ndi amene adzavine ndi manja okha. Ndalama ku Mulanje zimayenda ndi mvula. Kuyambira December mpaka March tiyi amaphuka mosalekeza, fakitale imalira usiku wonse, fungo la masamba ofota limafika mpaka pamsewu, ndipo anthu a ganyu amadzaza makomboni. Tsiku la malipiro likagwa m'nyengo imeneyo, msewu wochokera ku Mimosa kudzera pa Limbuli mpaka pa Muloza unkasanduka msika umodzi wautali. Chiwaya chili psuu, nanazi zaunjikidwa, akapitawo avala malaya oyera, telala akumalizitsa diresi mwini wake ataima pomwepo. M'mabotolo sitolo mmene munali magetsi, ochita bwino ankamwa Giriini, ena Chibuku cha m'paketi chogwirizana anthu atatu, ife ana a dzulo Cherry Plum mmodzi usiku wonse, kumangonyowetsa milomo kuti woyang'anira pakhomo asatitulutse.

Koma disiko imene ndimaisowa kwambiri si ya m'nyumba ya magetsi ayi. Ndi ya kumudzi, kumene ankamanga mpanda wa udzu kuseri kwa nyumba ya mwini gumbagumba, n'kusiya kakhomo kamodzi kolipirira. Mphamvu yonse inali batire la galimoto, lotchajitsidwa pa tauni n'kubwera nalo pa kaliyala wa njinga litakulungidwa m'chiguduli kuopa asidi. Sipika ankaichotsa m'bokosi lake n'kuivundikira pakamwa pa mtsuko waukulu, kumata m'mbali ndi dothi kapena nsanza. Amene sanamvepo besi ya Splash ikutuluka mu mtsuko wouma wa agogo sangamvetse zimene ndikunena. Dothi lowotcha lija linkaipatsa chifuwa. Inkagunda di, di, di, mpaka kuimva m'mapazi, ndipo usiku wopanda mphepo inkawoloka mtsinje kukaitana anyamata a tsidya lina. Nyale inali imodzi, ya galasi, yopachikidwa pa mtengo wa peyala. Chiperoni chikatsika m'phiri, eni ake ankafunditsa wailesi ndi jekete, anthu n'kumavinabe m'matope.

Tsono batire limatha. Cha m'ma 1 koloko usiku mota ya kaseti inkayamba kukoka mwaulesi, ndipo nyimbo zonse zinkatsika pang'onopang'ono osatiuza. Mawu a Brenda ankanenepa, ng'oma ija bambo ankati sitopa inkatopa ndithu, mabelu ankalendewera. Palibe ankadandaula, chifukwa nafenso miyendo inali italema, ndipo imeneyo ndiyo inali nthawi yogwirana m'chiuno. Onjezani apa kuti kaseti iliyonse inali yojambulidwa kuchokera ku ina, imenenso inajambulidwa kuchokera ku ina, mwina kasanu konse kuchokera pa imene wina anagula kwa O.G. Issa ku Limbe. Pa kujambula kulikonse mawu akuthwa ankachepa, kaphokoso ka sii kankakula. Tepi ikatafunidwa tinkaikoka bwinobwino, kudula pophwanyikapo ndi lezala, kulumikiza ndi kyuteksi wa achemwali, n'kuikulunga ndi bolopeni ya Bic kuti tisawononge batire. Pamalo polumikizapo nyimbo inkadumpha. Tinkadziwa pamene idumphire, ndipo phazi linkadumpha nayo. Oimbawo sanalandirepo ngakhale tambala ya kwathu, ndiyenera kunena, ndipo bungwe la COSOMA loteteza zimenezi linabwera mu 1992 zinthu zitafika kale patali.

Lero nyimbo zonsezo zili pa YouTube, ndipo mwana wanga anandiikira zambiri pa memore khadi ya foni. Zoyera bwino, zothamanga pa liwiro lake lenileni, zosadumpha paliponse. Ndimazimvera, ndimazizindikira, koma phazi langa limafunabe kudumpha pamalo pamene kyuteksi anagwira tepi, ndipo nyimbo ikangodutsa bwinobwino ndimakhala wopunthwa. "Peacock" imene ndinavina ine sinajambulidwepo mu situdiyo iliyonse. Inapangidwa ndi Dan Tshanda ku Joni, n'kumalizidwa ndi mtsuko, lezala ndi batire lofooka kunsi kwa phiri la Mulanje. Apa ndi pamene ndimasiyana ndi bambo. Munthu anali mkati ndithu, kungoti analowa mochedwa, ndipo munthuyo tinali ifeyo.

Nkhope za oimbawo sitinkazidziwa kupatula pa kachithunzi ka pachikuto, ngati kaseti yake inali nacho. Wailesi m'dziko muno inali imodzi, MBC, ndipo kanema wa dziko anadzayamba mu 1999. Choncho kavinidwe tinkakatola kwa obwera ku Theba, amene ankationetsa mapazi othamanga a chipantsula, kenaka ife n'kukasakaniza ndi zimene matupi athu ankadziwa kale. Mnyamata amene anakulira pa bwalo la tchopa sangavine Chicco mapewa ali chete. Atsikana ankalowetsamo chiuno cha ku chinamwali, chitenje atachimanga pamwamba pa diresi. Munthu wa ku Soweto akanationa akanagwa ndi phwete, koma ife tinkaona kuti tafikapo.

Zovala zinali nkhani ya boma. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala thalauzi kapena siketi yoonetsa mawondo, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankatha kumetedwa mokakamiza. Patricia Majalisa akulira m'sipika, mtsikana amene akumuvina wavala diresi lofika m'akatumba, lofanana ndi limene adzavale mawa lake ku tchalitchi. Chimene boma silinaletse ndi nsapato ndi lamba, ndiye ulemerero wonse unkathera kumeneko: teki yoyera yotsukidwa ndi choko, sokosi zofiira, malaya opisira. Khadi la chipani linkakhala m'thumba la kumbuyo nthawi zonse, pakuti a yufi ankatha kuima pakhomo la mpanda uja monga ankaimira pa msika ndi pa basi. Bungwe lounika mabuku ndi nyimbo linali maso, mpaka nyimbo ya Simon and Garfunkel yotchedwa "Cecilia" inaletsedwa poti dzinalo linali la Mama, wolandira alendo wa Kamuzu. M'dziko lotero munthu ankaphunzira kuyang'ana kumbuyo asanaseke.

N'chifukwa chake ndimakonda nkhani ya "We Miss You Manelo", imene Chicco anatulutsa mu 1987. Kwawo aliyense ankadziwa kuti Manelo ndi Mandela, dzina lopotozedwa kuti nyimbo idutse m'manja mwa ounika a boma latsankho. Ife tinkaivina poganiza kuti ndi za mtsikana wothawa pakhomo. Tinkaikuwa ndi mtima wonse, a yufi akuvina nafe limodzi, pamene Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anali m'ndende ya Zomba, mayina awo osatchulika ngakhale kuchipinda. Sindinganene kuti tinkachita ndale. Sitinkachita. Koma ndikakumbukira anyamata ovala malaya ofiira a chipani akudumphira nyimbo ya mkaidi wa ndale, ndimaseka ndekha mpaka lero.

Pa mpanda womwewo pankabweranso a tsidya lina la malire. Nkhondo ya ku Mozambique itafika pa Milange mu 1986, anthu zikwizikwi anawoloka pa Muloza ndi mitolo pamutu. Ena anakhala m'misasa, ambiri anangolowa m'midzi mwa abale, poti Alomwe a uku ndi a uko ndi amodzi, mzere wa pa mapu unangowadutsa pakati. Masiku ena tinkamva mfuti kum'mawa dzuwa likamalowa. Anyamata awo anali ndi kavinidwe kogwirana kosalala kamene atsikana athu anakakonda msanga, ndipo ndeu zingapo zinabadwira pamenepo. Ndimakumbukira mmodzi, wamtali, amene sankalankhula za kwawo n'kamodzi komwe. Ankalipira pakhomo ndi ufa kapena nandolo wa chithandizo, n'kuvina kuyambira nyimbo yoyamba mpaka batire kufa, maso ali tsinzinu. Mtendere utasainidwa ku Rome mu October 1992 anabwerera, ndipo ananyamula makaseti awiri a mnzanga osabweza.

Anthu ophunzira a nthawi imeneyo, kuno ndi ku Joni komwe, ankazinyoza nyimbozi. Ankati n'zopepuka, za chikondi cha Loweruka ndi mowa, pamene dziko likuyaka moto. Ankafuna zolemera, za Stimela ya Ray Phiri (amene bambo ake anali Mmalawi, ndipo tinkanyadira pomutchula) kapena rege ya Lucky Dube. Kupepukako sindikukana. Mawu ake ambiri anali mizere iwiri yobwerezabwereza, ndipo ogani ina inkalira motchipa zedi. Chimene ndimakana n'choti kupepuka ndi kupanda ntchito. Mayi wosenza mtolo wa nkhuni kutsika nawo ku Likhubula amayamba wapota nkhata ya masamba. Nkhatayo ilibe kulemera, ilibe mtengo, akafika amaitaya, koma popanda iyo mtolo sufika kunyumba. Mtsikana amene wathyola masamba m'mvula masiku asanu ndi limodzi, dengu likumudya mapewa, kapitawo akumubwezera masamba okhwima, sankafuna wina womufotokozera za mavuto Loweruka usiku. Ankawadziwa bwino kuposa woimbayo. Ankafuna ng'oma yosaphonya, yosamufunsa kanthu, imene angaiponde mpaka kuiwala sikelo yanga.

Ndipo mtolo unali kukula. Mu March 1991 napolo anatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola Phalombe, imene nthawiyo inali mbali ya boma la Mulanje, anthu mazanamazana n'kupita tsiku limodzi. Chaka chotsatira kunagwa chilala. Koma chimene chinatha msinkhu wanga sichinabwere ndi mkokomo. Wodwala Edzi woyamba m'dziko muno anapezeka mu 1985, ndipo kwa zaka zingapo nkhaniyo inkanong'onedwa chabe, ena amvekere kaliwondewonde, ena kanyera, ena matenda a boma. Maboma a tiyi, okhala ndi makomboni, malire, malole ndi amuna okhala kutali ndi mabanja, anali pakati pa okanthidwa koposa. Sindingachitire mwina koma kunena poyera kuti mpanda wa udzu uja unali umodzi mwa misewu imene kachilomboko kanadzera. Ola lija la batire lofooka, limene ndalitamanda pamwambapa, linkathera m'minda ya chinangwa. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 tinkakumana ku Mulanje Mission kukazonda odwala kawirikawiri kuposa mmene tinkakumanira ku dansi. Mwini gumbagumba anapita. Mtsikana amene ankatiposa tonse pa "I'm in Love with a DJ" anapita, n'kusiya ana awiri kwa agogo awo. Mankhwala a ma ARV aulere anayamba mu 2004, chaka chomwe Brenda Fassie anamwalira, ndipo kwa anzanga ambiri anachedwa ndi zaka zochepa chabe.

Choncho anzanga otsala akamati kale zinthu zinali bwino, ine sindivomera. Kunali khadi, kunali mantha, kunali umphawi woti nsapato imodzi inkavinira anthu awiri mosinthana. Ndipo mtengo wa usikuwo sunkagwa mofanana. Mtsikana wa sukulu akatenga mimba ankachotsedwa osabwereranso, mpaka ndondomeko yowalola kubwerera itakhazikitsidwa mu 1993, pamene mnyamata wake Loweruka lotsatira ali pa bwalo lomwelo ndi wina. Achemwali anga akamamva ndikuyamikira masiku amenewo amandikumbutsa kuti iwo ankatuluka pa windo, n'kubwera kudzalandira mkwapulo, pamene ine ndinkatuluka pakhomo ndikuimba mluzu. Chimene ndimasowa n'chaching'ono kuposa nthawi yonseyo. Ndi kuima kunja kwa mpanda ndi ndalama yachitsulo m'manja, besi ikugunda mkati, ukudziwa kuti aliyense amene umamudziwa pa dziko lapansi ali mmenemo ndipo ali moyo.

Mapeto a nyengoyo sanachedwe. Kwasakwasa ya Kanda Bongo Man inalanda ziuno, referendamu ya pa 14 June 1993 inamasula milomo, lamulo la kavalidwe linathetsedwa ndipo atsikana anafika ku disiko ndi majini a pa kaunjika. Ku Joni komweko bubblegum inagonjera kwaito. Anthu tsopano ankafuna nyimbo zonena zinthu m'chilankhulo chawo, ndipo mu 1994 "Son of a Poor Man" ya Lucius Banda inali m'basi iliyonse. Koma tamverani bwino nyimbo za ku Balaka za zaka zimenezo, zimene zambiri zinadutsa m'manja mwa Paul Banda pa situdiyo ya IY: pansi pa rege ija pali ng'oma ya makina ndi kiyibodi. Bokosi lija silinachoke. Linangophunzira Chichewa.

Pamenepa mawu a bambo ali ndi mbali yake yoona, ndipo ndimawapatsa. Kiyibodi itatsika mtengo, kulemba bandi ya anthu asanu ndi awiri kunaoneka kuwononga ndalama. M'zaka zotsatira Malawi anatulutsa makaseti ochuluka zedi okhala ndi ng'oma imodzimodzi, yosindikizidwa pa batani lomwelo, woimba yekha ndiye wosintha. Anyamata a banjo amene ankayenda m'misika ya Nkando ndi Chinakanaka anachepa, ndipo amene akanakhala Namoko wotsatira mwina anakagula Casio. Chimenecho ndi chitayiko chenicheni. Chimene chimandisangalatsa ndine n'choti makinawo anakathera ku tchalitchi. Akuluampingo amene ankatitchula pa guwa kuti ndife ana otayika lero amaomba m'manja Lamulungu lililonse pa ng'oma ya Yamaha, mnyamata wa kwaya atangodina batani n'kupinda manja. Nthawi zina besi yake ndimaizindikira bwinobwino kumene inachokera, koma ndimangoyang'ana m'buku la nyimbo.

Ana a masiku ano ali ndi amapiano, yochokeranso ku Joni, yopangidwanso ndi munthu mmodzi, tsopano pa laputopu. Mphwanga wina wa kabaza pa Chitakale amamangirira sipika ya bulutufi pa handulo, ndipo iyenso amalota Joni, kungoti wake ndi wa basi yodzera ku Mwanza ndi Tete, wa mapepala okayikitsa ndi mantha a kuthamangitsidwa. Nditamumvetsa Dalom Kids anagwedeza mutu pang'ono n'kuti, "Ankolo, bitiyi ndi yabho, koma ikuthamangira kuti?" Ndinatsala pang'ono kumuuza kuti zake zilibe munthu mkati. Ndinadzigwira pakamwa. Dan Tshanda anamwalira mu 2019, Patricia Majalisa mu 2020, Lucius mu 2024, ndipo mphwangayo mwa onsewa amadziwa Lucius yekha.

Kumene nyimbo zathu zatsalira ndi ku maukwati, pa perekaniperekani. Mwezi wa September chaka chatha tinali pa ukwati wa mwana wa achemwali cha ku Chisitu. Itakwana nthawi ya azakhali ndi atsibweni, mkulu wa mwambo anaitana onse a imvi, ndipo DJ anaponya "Umqombothi", ija Yvonne anatulutsa mu 1988. Munaona amayi onenepa a mipingo yosiyanasiyana akuvula nsapato zazitali, abambo a shuga ndi BP akuiwala malangizo a dokotala. Mphunzitsi wina wopuma ntchito, amene ndinkangomudziwa ndi moni wa pamsewu, anatsika mpaka pansi ndi sitepe imene sindinaione chiyambire nthawi ya Kamuzu, ndipo tinayang'anizana n'kuzindikira kuti tinkavina mpanda umodzi. Koma DJ wa ukwati savinitsa anthu, amayang'ana lichero. Ndalama zitangosiya kugwa, nyimbo isanafike ndi pakati pomwe, anaidula.

Ndinapita pa tebulo lake ndi K2,000. "Aise, ibwezere, ndipo ithe yonse."

"Madala, nyimboyi ndi yaitali, pulogalamu yatsala yambiri."

Mkulu wa mwambo, munthu wochenjera, ananunkhiza malonda. Analengeza pa maiki kuti atsibweni a mkwatibwi agula nyimbo yonse, koma wofuna kuti ichoke aponye zoposa pamenepo. Inayambanso, ife n'kubwerera pabwalo. Anyamata a kuchimuna anasonkherana K5,000. Amayi a kwaya anamasula mfundo za zitenje n'kuwonjezera mbali yathu, mphunzitsi uja anakhuthula chikwama, koma anyamatawo anali ndi ndalama za m'foni ndipo ife tinali ndi za m'thumba zokha. Amapiano anabwerera Yvonne asanamalize.

Tikutuluka mu holo, achemwali anandikoka malaya. "Achimwene, K2,000 ija mukaitenge kwa mnyamata uja. Nyimbo sinathe, ndipo wa njinga yamoto sitinamulipire."